Wopanga mapulogalamu tizimuyesa ndi ntchito yomwe adagwira

Amene adaimapo pamzere kubanki kumapeto kwa mwezi amawadziwa mawu aja ofoola nkhongono: “Pepani makasitomala athu, sisitimu yavuta.” Ena adawamva kuchipatala akudikira kuti dzina lawo lituluke pakompyuta. Ena adawamva kwa ejenti wa ndalama za pafoni, ndalama itachoka uku koma uko osafika. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 tonse tidaona ntchito yopereka mapasipoti itaima kwa masabata angapo sisitimu itasokonezedwa, anthu maulendo awo n’kulephereka.

Kuseri kwa sisitimu iliyonse kuli anthu. Alipo amene adailemba mzere ndi mzere, alipo amene amadzutsidwa pakati pa usiku ikagwa. Zifukwa zogwetsa sisitimu n’zambiri, zina za ndalama, zina za magetsi, zina za umbava. Koma pali chimodzi chimene sitikonda kuchikamba: kodi anthu opanga mapulogalamuwa timawasankha bwanji powalemba ntchito? Timadziwa bwanji kuti uyu ntchito amaitha, uyu amangoidziwa pakamwa?

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi mayeso: kum’khazika munthu pampando, kum’patsa mafunso, kuyang’ana wotchi, kenako kuwerenga malikisi. Yachiwiri ndi kaundula wa ntchito, kutanthauza mbiri yolembedwa ya zimene munthuyo wakhala akupanga, tsiku ndi tsiku, mwezi ndi mwezi: adakumana ndi vuto lanji, adalithetsa bwanji, adalakwitsa pati, adakonza liti. Maganizo anga ndi akuti kaundula ndiye azitsogola, mayeso azibwera pambuyo kudzatsimikiza kuti kaundulayo ndi wa mwini wakedi. Ife pano tidazitembenuza. Mayeso ndiwo chipata, kaundula sitimufunsa n’komwe.

Zaka zingapo zapitazo ndidaitanidwa kukakhala nawo pagulu lofunsa anthu ntchito pabungwe lina lomwe linkafuna wopanga mapulogalamu. Ofunsira adali ambiri, choncho tidayamba ndi mayeso olemba a maola awiri kuti tipungule. Mwa otsalawo mudali mtsikana wina yemwe malikisi ake adali apakatikati. Adabwera ndi laputopu yakale m’chikwama. Adatiuza kuti kwa zaka ziwiri wakhala akusamala kapulogalamu kowerengera masheya ndi ngongole za magulu a banki mkhonde kwawo, ndipo adali wokonzeka kutionetsa momwe kadayambira, momwe tsiku lina kadasokonezera chiwongoladzanja amayi n’kukangana, ndi momwe iye adapezera polakwikapo. Wapampando adayang’ana wotchi, n’kunena kuti: “Mayi, nthawi yatithera, tiyeni tingoyankha mafunso ali pafomuwa.” Ntchito idapita kwa amene adapambana pamayeso olemba aja.

Sindikunena kuti amene tidamulembayo adali mbuli, ayi. Chimene chimandiwawa mpaka lero n’chakuti laputopu ija sitidaitsegule. Fomu yathu idali ndi malo a digiri, malo a zaka, malo a malikisi, koma idalibe malo a ntchito yomwe munthu adagwira ndi manja ake. Ndipo ine ndidangokhala chete.

Chodabwitsa n’chakuti pa zinthu zina Amalawife sitichita zimenezi. Ukafuna kumanga nyumba sum’patsa mmisiri pepala ndi cholembera kuti afotokoze kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga. Umamufunsa kuti wamangapo kuti, n’kupita kukaona wekha. Umayang’ana ngati khoma lili ndi ming’alu. Umafunsa eni nyumba ngati denga limadontha dzinja likafika, ngati adamaliza pa nthawi yake, ngati matumba a simenti sankasowa. Telala timamudziwa ndi malaya amene mnzathu wavala. Nanga ikafika nkhani ya pulogalamu yosunga malipiro a anthu mazanamazana, bwanji timakhutira ndi pepala la maola awiri?

Mkangano umenewu sudayambire kuno. Kumakampani akuluakulu a ku America kudakhazikika mwambo woimika wofunsira ntchito pabolodi, n’kum’patsa funso la masamu a kompyuta kuti alithetse anthu akumuyang’ana. Mu 2015 Max Howell, yemwe adayambitsa Homebrew, chida chomwe akatswiri ochuluka ogwiritsa ntchito makompyuta a Apple amadalira, adadandaula pa Twitter kuti Google idamukana ntchito chifukwa adalephera kutembenuza binary tree pabolodi, kafunso kodziwika m’kalasi la sayansi ya makompyuta. Chomwe chidamupweteka n’chakuti mainjiniya ambiri a kampani yomweyo ankagwiritsa ntchito pulogalamu yake. Ntchito yake idali pamakompyuta awo, koma mwini wake adagwa pabolodi.

Zaka ziwiri izi zisadachitike, mu 2013, Laszlo Bock, yemwe panthawiyo adali mkulu woona za olembedwa ntchito ku Google, adauza nyuzipepala ya New York Times kuti mafunso ozunguza mutu omwe kampaniyo inkatchuka nawo, monga lakuti ndi mipira ingati ya gofu ingadzaze ndege, adali kungotaya nthawi. Adatinso malikisi a kukoleji sankawathandiza kudziwa yemwe adzachite bwino pantchito, kupatula pang’ono chabe kwa amene angotuluka kumene sukulu. Awa si mawu a munthu wolephera mayeso yemwe akufuna podzitonthozera. Ndi mawu a amene ankapereka mayesowo.

Mu 2020 ofufuza a ku North Carolina State University mogwirizana ndi Microsoft adatenga ophunzira 48 a sayansi ya makompyuta n’kuwapatsa funso limodzimodzi. Ena adaliyankha pabolodi wofunsa akuwayang’ana, ena adaliyankha ali okha m’chipinda. Oyang’aniridwawo adakhoza pafupifupi theka chabe la momwe anzawo aja adakhozera. Amayi onse amene adayang’aniridwa adalephera, pomwe amayi onse amene adali paokha adakhoza. Anthu 48 ndi ochepa, sitingamangire lamulo pamenepo. Koma uthenga wake ukumveka: mayeso amtunduwu kawirikawiri amayesa kulimba mtima pamaso pa anthu kuposa luso.

Taganizirani ntchito yeniyeni ya wopanga mapulogalamu. Nthawi yake yambiri imathera powerenga code yomwe adalemba munthu wina yemwe adachoka kalekale. Amafufuza chifukwa chake lipoti la mwezi likusiyana ndi la kubanki ndi tindalama tochepa tomwe palibe akudziwa komwe talowera. Amakhala pansi ndi a ku akaunti kuti amvetse chomwe akufuna kwenikweni, poti chomwe adanena Lolemba si chomwe akunena Lachinayi. Amasintha kamzere kamodzi mosamala kuti zinthu zina khumi zisagwe. Pochita zonsezi amatsegula mabuku, amafufuza pa intaneti, amafunsa mnzake. Pamayeso zimenezi timazitcha kubera. Ndiye tikuyesa chiyani?

Pamwamba pa izo, mayeso akale aja madzi afika m’khosi. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, mafunso ambiri oloweza aja makina akuwayankha m’kanthawi kochepa. Amene amatumiza mayeso pa intaneti kuti munthu alembere kunyumba sadziwanso kuti wayankha ndani. Komanso ife tikudziwa bwino momwe mayeso a tsiku limodzi amagwera. Mu Novembala 2020 bungwe la MANEB lidaimitsa mayeso a MSCE mapepala atabedwa, ana n’kudzalembanso mu Januwale 2021. Chilichonse chomwe tsogolo la munthu lapachikidwa pa tsiku limodzi chimaitana mbava.

Tsono kaundula wa ntchito ndi chiyani? Mwayi wake ntchito iyi imadzilembera yokha mbiri. Mu 2005 Linus Torvalds, yemwe adayambitsa Linux, adapanga chida chotchedwa Git. Wopanga pulogalamu akasintha kanthu n’kusunga, Git imalemba dzina lake, tsiku ndi nthawi, mizere yomwe wawonjezera, mizere yomwe wachotsa, komanso mawu ake ofotokoza chifukwa chomwe wasinthira. Tsamba la GitHub, lomwe lidatsegulidwa mu 2008, ndi ena onga ilo adawonjezera malo oti anzake aone kusinthako, atsutse, iye ayankhe, akonze. Onjezeranipo buku lomwe munthu amalembamo za tsiku: vuto lomwe lidabwera, zomwe adayesa, zomwe zidakanika, zomwe zidatheka. Ameneyo ndiye kaundula.

Wodziwa kuwerenga kaundula wotere amaonamo zinthu zomwe pepala la mayeso silingamuuze. Amaona ngati munthuyo amamaliza zomwe wayamba kapena amangoyamba zatsopano sabata iliyonse. Amaona ngati amabwerera kukakonza zolakwika zake kapena amazisiyira ena. Amaona momwe amayankhira akadzudzulidwa, ngati amamva kapena amapsa mtima. Amaona ngati amalemba moti wobwera pambuyo pake amvetse, zomwe n’zofunika kwambiri kuno kwathu komwe katswiri akapeza ntchito ku Johannesburg kapena ku Nairobi amapita ndi sisitimu yonse m’mutu mwake.

Oyendetsa ndege adazindikira izi kalekale. Ulendo uliwonse umalembedwa m’buku: ndege yanji, maola angati, usana kapena usiku. Ku America, lamulo lalikulu limati munthu akhale ndi maola 1,500 asadalandire laisensi yapamwamba yoyendetsera ndege za makampani onyamula anthu. Komabe mayeso sadawataye. Woyesa amayamba waona bukulo, kenako amafunsa mafunso, n’kumuuza kuti aulutse ndege iye akuona. Buku limanena komwe munthu wadutsa, mayeso amatsimikiza kuti ndi iyedi adadutsako.

Ndisakunamizeni, kaundula naye ali ndi zilema zake, ndipo amene amamutsutsa sakunena zopanda mutu. Chilema choyamba n’chakuti mabwana aulesi amayamba kuwerengera m’malo mowerenga. Amafuna nambala: wasunga kangati, walemba mizere ingati. Ku Apple mu 1982 mabwana ena adalamula mainjiniya kuti sabata iliyonse azilemba pafomu mizere ya code yomwe alemba. Bill Atkinson, mmodzi wa akatswiri awo, adalembanso mwatsopano gawo lina la pulogalamu yojambulira zithunzi pakompyuta, likhala lalifupi komanso lachangu kwambiri kuposa kale. Pafomu paja adalembapo -2000, poti adali atachotsa mizere 2,000. Potengera fomuyo, sabata imeneyo adabwerera m’mbuyo. Potengera ntchito, idali sabata yopambana. Ngakhale timabokosi tobiriwira tomwe GitHub imaonetsa posonyeza masiku omwe munthu wagwira ntchito si umboni, chifukwa tsiku lolembedwa mu Git mwini wake akhoza kulisintha.

Chilema chachiwiri n’chakuti mbiri yabwino ikhoza kukhala nyambo. Mu Malichi 2024 injiniya wa ku Microsoft, Andres Freund, adadabwa kuona kuti kulowa m’kompyuta ina kudzera pa netiweki kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Atafufuza adapeza khomo lachinsinsi lobisidwa mu XZ Utils, kapulogalamu komwe kali m’makompyuta ochuluka oyendera Linux. Adaliika ndi munthu wodzitcha Jia Tan, yemwe kwa zaka zoposa ziwiri adakhala akuthandiza modekha, kukonza apa ndi apo, mpaka adapatsidwa makiyi. Kaundula wake adali wooneka bwino, koma mwini dzinalo anthu sadamuonepo nkhope. Phunziro lake n’lakuti kaundula wopanda munthu woti umufunse maso ndi maso ndi pepala chabe. Masiku ano makina omwewa amene akuyankha mayeso akhozanso kum’pangira munthu pulogalamu yonse yoti adzionetsere nayo.

Chilema chachitatu ndi cha chilungamo. Si aliyense ali ndi ntchito yoti aionetse poyera. Amene wagwira kubanki kapena m’boma sangatulutse code ya abwana ake, n’kulakwa kutero. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Chibavi yemwe amabwereka laputopu, bandulo yake n’njowerengera, magetsi akuzimazima, sangafanane ndi mnzake wa intaneti yosatha kunyumba. Mayi yemwe akaweruka kuntchito amakapeza mapoto ndi ana zikumudikira alibe maola a usiku opangira mapulogalamu ongodzisangalatsa. Tikati tizingoyang’ana yemwe ali ndi zambiri pa GitHub, tikhala tikupereka mphotho kwa amene ali ndi nthawi komanso ndalama, osati luso.

Chilema chachinayi ndiye chathuchathu. M’dziko lomwe anthu amadandaula kuti ntchito imapita kwa mwana wa achimwene, mayeso olemba ali ndi ubwino umodzi waukulu: malikisi sadziwa kuti uyu ndi mwana wa ndani. Wokanidwa akhoza kupempha kuti pepala lake lionedwenso. Koma tikati gulu lingoona ntchito ya munthu n’kugamula momwe lamvera mumtima, ndiye kuti tatsegulira khomo kukondera ndi katangale. Amene amaumirira mayeso pa chifukwa ichi ndimawamvetsa ndithu.

Komabe zilema zonsezi zili ndi pogwira. Palibe chomwe chikutiuza kuti titaye kaundula, zonse zikutiuza momwe tingamuwerengere.

Choyamba, wofunsira ntchito abweretse zitsanzo ziwiri kapena zitatu zokha, osati mulu. Ikhoza kukhala pulojekiti ya kukoleji, kapulogalamu ka golosale ya amalume, kapena nkhani yolembedwa ya vuto lomwe adathetsa kuntchito, popanda kuulula zinsinsi za abwana, yotsimikiziridwa ndi yemwe ankamuyang’anira. Apa wa kubanki ndi wa bandulo yowerengera uja onse alowa.

Chachiwiri, akhale pansi ndi katswiri mnzake, atsegule ntchitoyo, aifotokoze. Bwanji mudasankha njira iyi? Mukadakhala ndi mwezi wina mukadasintha chiyani? Netiweki ikaduka pakati pa kutumiza ndalama, apa pachitika chiyani? Kenako amuuze kuti asinthe kanthu kakang’ono pomwepo. Amene adakopera kapena kupangitsa makina amaonekera msanga, poti sadziwa komwe zinthu zili m’nyumba yomwe akuti ndi yake. Amenewa ndiwo mayeso omwe ndikuwafuna: ochokera m’ntchito ya munthuyo. Ndipo wofunsayo akhale wodziwa ntchitoyi, osati wongotumidwa kukamvera. Paja kandimverere adakanena za m’maluwa.

Chachitatu, kwa amene alibiretu choonetsa, apatsidwe kantchito kofanana ndi ka tsiku ndi tsiku: pulogalamu yaing’ono yomwe ili ndi cholakwika, aipeze n’kuikonza, ali payekha, intaneti ili yotsegula. Kakhale ka maola ochepa. Kakapitirira tsiku, munthuyo alipidwe. Chizolowezi chopatsa ofunsira ntchito pulojekiti ya sabata yathunthu yaulere, kenako n’kuigwiritsa ntchito osawalemba, ndi kuba basi.

Chachinayi, zomwe gulu likuyang’ana zilembedwe ofunsira asadafike, malikisi a gawo lililonse adziwike, aliyense wa pagulu alembe ake payekha asadakambirane, ndipo mapepalawo asungidwe. Apa ndiye tatseka khomo la mwana wa achimwene uja, popanda kubwerera ku mafunso oloweza.

Masukulu athu nawo ali ndi gawo. Ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA, ku Mzuni ndi m’makoleji ena, wophunzira aziyamba kusunga ntchito yake mu Git kuyambira chaka choyamba, kuti potuluka akhale ndi digiri kudzanja ili, mbiri ya zaka zinayi kudzanja linalo. Mabuku omwe ophunzira amalemba akapita kukaphunzira ntchito m’makampani asamakhale ongodzaza usiku womaliza kuti abwana asaine. Bungwe la ICTAM, lomwe limasonkhanitsa akatswiri a zamakompyuta m’dziko muno, likhoza kutsogolera pokonza fomu imodzi yovomerezeka yomwe wolemba ntchito angam’patse katswiri pochoka, yofotokoza zomwe adapanga popanda kuulula zinsinsi.

Kwa inu achinyamata amene mukuphunzira ntchitoyi, musadikire kuti mabwana asinthe. Yambani lero. Lembani zomwe mwachita, ngakhale m’kope wamba ngati magetsi palibe. Musabise zomwe zidakukanikani, chifukwa wodziwa ntchito amakhulupirira kwambiri munthu wonena kuti “apa ndidalakwitsa, ndidakonza chonchi” kusiyana ndi amene akuti sadaphonyepo. Mapulogalamu ena omwe dziko lino limadalira ndi otseguka kwa aliyense. DHIS2, yomwe Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa ziwerengero za m’zipatala, idachokera ku University of Oslo ndipo code yake ili poyera. Kupeza cholakwika chimodzi m’pulogalamu yotere n’kuchifotokoza bwino ndi mzere wa m’kaundula womwe wolemba ntchito wa ku Lilongwe kapena ku London akhoza kukaona yekha. Koma masamu ndi maziko a sayansi ya makompyuta musawanyoze, chifukwa tsiku lofotokoza ntchito yanu likadzafika, ndiwo adzakuimikani.

Kwa inu olemba anthu ntchito, m’boma, m’mabanki ndi m’mabungwe, ndikudziwa kuti kuwerenga ntchito ya munthu n’kotopetsa kuposa kuchonga pepala. Kumafuna nthawi, kumafuna katswiri pagulu. Koma mtengo wolemba munthu wosatha ntchito saulipira ndinu nokha. Amaulipira mphunzitsi amene malipiro ake asokonekera, wodwala amene mbiri yake yasowa pakompyuta, gogo amene waima pamzere kuyambira m’mawa.

Ine nditakhalanso pagulu lija lero, sindingakhale chete. Ndingapemphe wapampando kuti fomu idikire kaye kwa mphindi 30, mtsikanayo atsegule laputopu yake tione.